Musalipire lens musanajambule nyuzipepala

Chaka chatha alamu anga, omwe amajambula maukwati ku Ndirande, anandituma lens ya Canon ya 50mm yogwirapo kale ntchito. Ndinaipeza ku Germiston kwa munthu wina wa pa Facebook. Kunja inali yonyezimira, ndiye ndinangolipira osayesa. Ndinadutsa nayo Beitbridge, Nyamapanda mpaka Mwanza, duty nkulipira. Alamu atajambula chinkhoswe, nkhope zonse za mbali ya kumanzere zinatuluka mbuu. Eni chinkhoswe anakana kulipira, ndipo ndalamazo ndinabweza ine. Achemwali anga mpaka lero amandikumbutsabe.

Pano ndikamapita ku Boksburg kapena ku Kempton Park kukaona lens, ndimanyamula kamera ndi nyuzipepala. Ndimaimata pakhoma, nkuima molunjika bwino, kamera nditaikhazika pa chinthu chosagwedera. Ndimajambula pa f/1.8, kenako pa f/8. Ndiye ndimakulitsa chithunzicho, kuwerenga zilembo zapakati ndi za m'makona onse anayi. Pa f/1.8 makona akafewa pang'ono musadandaule, ndi mmene zimakhalira. Koma mbali imodzi ikakhala mbuu inayo ikuwerengeka, mwina lens inagwapo, magalasi anasuntha. Isiyeni.

Muwalitsenso tochi ya foni m'kati. Kafumbi si vuto, koma mukaona ngati ulusi wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu.

Wogulitsa akati mukumuchedwetsa, nyamukani. Madalaivala amene mumatumidwa katunduyu, nyuzipepala imakwana m'thumba la jekete.