Kodi Mwana wa Unamwino Asenze Zingati pa Tchuthi?

Makolo ambiri akamva kuti mwana wawo wa kusukulu ya unamwino akubwera ku tchuthi, mtima umakhala pansi, poganiza kuti wothandiza wafika. Bambo amakhala atamuikira kale ntchito yake, mayi yake, ndipo a pamudzi onse amene ali ndi chifuwa kapena bala amayamba kuwerenga masiku. Mwanayonso amabwera ndi zake m'mutu. Ine ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba zaka zoposa 30, zambiri mwa izo kuno ku Mangochi, ndipo ndifuna kukambirana nanu, makolo anzanga ndi inu achinyamata, za muyeso wa katundu amene mwana wotere angathe kusenza m'masabata ochepa aja.

Choyamba timvetse kaphunziridwe kake, pakuti nkosiyana ndi ka kusekondale. Kaya mwana ali ku Mulanje Mission, ku Nkhoma, ku Ekwendeni, ku St Luke's ku Malosa, kapena ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, maphunziro ake amayenda pa miyendo iwiri. Mwendo wina ndi wa m'kalasi, wina ndi wa m'wodi. Dipuloma imatenga zaka 3, digiri zaka 4, ndipo pamapeto pake pali mayeso a bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba m'dziko muno, amene popanda kuwakhoza munthu saloledwa kugwira ntchito. Wophunzira aliyense amayenda ndi buku m'mene namwino womuyang'anira amasaina ntchito iliyonse imene wachita: kutsuka bala, kubaya jekeseni, kuika diripi, kuchiritsa mayi woyembekezera. Akadwala najomba m'wodi, maola amenewo amasanduka ngongole. Akalephera phunziro limodzi, m'masukulu ambiri amapatsidwa mwayi wolemba mayeso obwereza chaka china chisanayambe, ndipo akalepheranso pamenepo amabwerera m'mbuyo. Ngongole ziwiri zonsezi zimalipidwa pa tchuthi.

Mwana wa achimwene anga, amene ali m'chaka chachiwiri, anabwera ndi ngongole ziwiri zonsezo. Malungo anamugoneka masabata awiri, ndipo phunziro la mankhwala linamugwetsa ndi mamalikisi ochepa. Tchuthi chake chinali cha masabata 6, chinagwa mu Okutobala ndi Novembala, ndipo sukulu inamulola kubweza maola ake pa chipatala china cha kuno kwathu. Atate ake amagula ndi kuyanika usipa ku Makawa. Iye anafika kwa ine ku boma ali ndi pepala m'manja, nkhope ili yowala, nati, "Azakhali, ndakonza zonse. Taonani."

Pa pepalapo panali izi: m'wodi masiku asanu pa sabata, kuwerenga za mankhwala usiku, maphunziro a kompyuta maola awiri madzulo aliwonse, popeza anzake onse amadziwa kulemba pa makina, ganyu wa usiku kawiri pa sabata pa kachipatala kena ka munthu wamba, kwaya ya achinyamata katatu pa sabata, ndiponso Loweruka lonse pa thandala la atate ake. Palibe chimodzi mwa izi chimene chinali choipa. Chilichonse chinali ndi chifukwa chake chomveka, ndipo mpamene pamakhala vuto, pakuti choipa munthu amachikana msanga. Akulu anaona kale za pusi amene anagwa chagada poti ichi chakoma, icho chakoma.

Sindinamutsutse. Ndinangomupatsa pensulo ndi kumuuza kuti, "Mwana wanga, sabata lili ndi maola 168. Tiye tiwagawe." M'wodi, maola 9 pa tsiku kwa masiku asanu, ndi 45. Ulendo wa ku Makawa kupita ndi kubwera, pamodzi ndi kudikira minibasi kuti idzaze, tinaika maola awiri pa tsiku, ndiwo 10. Tulo, maola 7 usiku uliwonse, ndi 49. Kuphika, kudya, kusamba, kuchapa ndi kusita yunifomu yoyera ija imene fumbi la chilimwe silimaisiya, maola atatu pa tsiku, ndi 21. Kutchalitchi Lamulungu, maola asanu. Zonse pamodzi 130. Anatsala maola 38. Tsono kompyuta inafuna 10, ganyu 24, kwaya 6, thandala 8, zonse 48. Anali atapitirira kale ndi maola 10 asanatsegule nkomwe buku la mankhwala, lomwe ndilo linali ndi mphamvu yomubweza m'mbuyo chaka chathunthu.

Anayang'ana pepalalo kanthawi, kenaka nati, "Ndichepetsa tulo." Ndiwo mawu amene ophunzira onse amanena, ndipo ndibwererapo.

Masamu amenewa ali ndi bodza lake, chifukwa amayesa ola lililonse lofanana ndi linzake. Amene anakhalapo ku Mangochi mu Okutobala akudziwa kuti ola la 2 koloko masana, pansi pa denga la malata, pamene kutentha kumapitirira madigiri 35 ndipo ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe, silingafanane ndi ola la m'bandakucha. Munthu wochoka m'wodi, amene waimirira tsiku lonse nanyamula odwala, akhoza kutsegula buku madzulo, maso nkumayenda pa mizere, koma mutu utatseka kale chitseko. Maola enieni ophunzirira m'nyengo imeneyi ndi awiri kapena atatu a m'mamawa dzuwa lisanatuluke ku mapiri a kum'mawa kwa nyanja, ndipo maola amenewo amapezeka kwa yekhayo amene anagona msanga.

Ife a kunyanja tili ndi mphunzitsi pafupi. Msodzi wodziwa ntchito yake sadzaza bwato kufikira m'milomo chifukwa choti nyanja yagona m'mawa umenewo. Amasiya mpata pakati pa madzi ndi mlomo wa bwato, podziwa kuti mwera kapena mpoto sizitumiza uthenga. Mpata umenewo ndiwo nsomba zimene akanatha kutenga koma wazisiya dala. Pepala la mwana wathu linalembedwa ngati kuti m'masabata 6 simudzakhala maliro, magetsi sadzazima, minibasi sidzafa pa njira, malungo sadzabweranso, ndipo mayi wobereka sadzafika pa nthawi yoweruka. Koma m'wodi ya azimayi wophunzira sangasiye mayi mwana ali m'njira ati chifukwa kalasi ya kompyuta yayamba.

Tsono za tulo zija. Mu 1997 akatswiri awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anasonyeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuganiza ndi kugwira zinthu mofanana ndi munthu amene wamwako mowa kufika pa muyeso umene maiko ambiri amaletsa kuyendetsa galimoto. Ife amene timanyadira kuti ana athu sayandikira botolo tiyenera kuiganizira bwino nkhaniyi. Palibe kholo lingalole kuti mwana wake abayidwe jekeseni ndi namwino wonunkha kachasu. Koma wosagona sanunkha kanthu, ndipo amafika pa bedi la wodwala atavala zoyera bwino lomwe. Ntchito ya usiku m'zipatala zathu imayamba madzulo kufikira m'mawa, maola oposa 12. Mwana wochoka pa ganyu wotere nkukalowanso m'wodi m'mawa mwake akanafika masana atakhala maso tsiku lathunthu ndi kupitirira.

Ndipo onani chimene phunziro la mankhwala limafuna kwa iye. Mwana wodwala malungo aakulu amabayidwa artesunate molingana ndi kulemera kwake: mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse ngati sanafike makilogalamu 20, ndi 2.4 ngati wapitirira pamenepo. Mwana wa makilogalamu 12 alandire mamiligalamu 36. Wamkulu wa makilogalamu 50 alandire 120. Ndipo abayidwenso pakatha maola 12, kenaka pa maola 24. Botolo la diripi la lita imodzi loti lithe m'maola 8, pa chubu chotulutsa madontho 20 pa mililita, liyenera kudontha pafupifupi ka 42 pa mphindi. Mayi amene akukomoka ndi kuthamanga kwa magazi pa mimba amapatsidwa magnesium sulphate, koma asanamuwonjezere wina namwino ayenera kuwerenga kapumidwe kake ndi kuona ngati akukodza mokwanira. Masamu ake si ovuta, mwana wa Sitandade 8 akhoza kuwachita. Kuvuta kwake nkwakuti kadontho kamodzi kakasuntha malo, mankhwala amachuluka kakhumi, ndipo wolakwiridwayo nthawi zambiri ndi khanda losatha kudandaula. Phunziro lotere silofunika kungolikhoza pa mayeso. Liyenera kukhazikika m'mutu kotero kuti lidzatuluke lokha pa 3 koloko usiku zaka khumi zikubwerazo.

Ganyu uja ndinamukana poyera, osati chifukwa cha tulo tokha. Wophunzira alibe chilolezo. Malo ake ndi pambali pa namwino wovomerezeka amene akumuyang'anira, ndipo pa kachipatala kofuna wophunzira usiku nthawi zambiri chifukwa chake nchakuti wovomerezekayo palibe. Chikalakwika china, mwanayo akhoza kutaya ntchito imene sanaiyambe nkomwe.

Kukambirana kovuta kunali kwa ine ndi achimwene, ndipo sindifuna kuti wina awayese munthu wouma mtima. Fizi ya mwanayu imachokera pa thandala lija. Novembala akafika, makoka a m'mphepete mwa nyanja amaletsedwa kuti chambo aswane, malonda a pa doko amazilala, mvula nayo imayamba kuwononga usipa woyanika, ndipo Januwale ndi mwezi umene aliyense amaudziwa. Anandiuza kuti, "Achemwali, inu mukuwerenga maola, ine ndikuwerenga makwacha. Akakhoza mayeso koma fizi palibe, akalowa bwanji m'kalasi?" Funso limenelo linali loona monga momwe masamu anga analili oona. Ndinangowakumbutsa kuti chaka chobwereza chimalipiridwanso fizi yathunthu, ndipo kuti ma Loweruka 6 pa thandala sangabweze ndalama imeneyo. Anakhala chete nthawi yaitali, akupukusa chipewa m'manja.

Tinamvana motere. Mwanayo agone kwa ine ku boma mkati mwa sabata, kuti maola 10 a pa msewu abwerere m'thumba mwake. M'wodi apite masiku onse. Azigona 9 koloko, nadzuka 4 koloko kuwerenga kufikira kutacha, ndipo madzulo ine ndizimufunsa masamu a mankhwala asanu okha tikudya. Kwaya aziimba Lamulungu. Ku Makawa azipita Loweruka limodzi mwa awiri, m'mawa mokha. Kompyuta idikire. Ndalama yotsala pa fizi tinaigawana: ina ndinachotsa pa penshoni yanga, ina mayi ake anakongola ku banki m'khonde ya amayi anzawo a Mvano. Chimene chinamupweteka koposa chinali kwaya, popeza anzake ankakonzekera msonkhano wa achinyamata ndipo iye ndiye ankatsogolera nyimbo ziwiri. Analira, ndipo sindinamuuze kuti nzachabe, chifukwa sizinali zachabe.

Alipo anamwino anzanga akale amene amati ana a masiku ano tikuwalera ngati mazira, ndipo kuti unamwino ndi ntchito ya katundu wolemera, choncho aphunzire kusenza akadali kusukulu. Mbali ina akunena zoona. Boma lino lili ndi anthu oposa miliyoni imodzi, monga kalembera wa 2018 anasonyezera, ndipo anamwino ndi ochepa. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Mangochi anali mwa maboma okhudzidwa kwambiri, anamwino ankagwira ntchito m'matenti usana ndi usiku, osafunsa za maola. Mwana amene akufuna ntchito yopepuka asalowe unamwino. Koma amene anapirira m'matenti muja anapirira chifukwa manja awo ankadziwa kale kupeza mtsempha wa munthu wouma madzi ngakhale mutu utatopa, ndipo luso limenelo analiphunzira pang'onopang'ono, ali ndi tulo tokwanira ndi wowaongolera pambali. Katundu amene mliri umakusenzetsa sungamukane. Amene umadzisenzetsa wekha pa tchuthi uli ndi ufulu womuyeza.

Komanso ana amasiyana. Mnzake wa mwana wathu, amene anakhoza zonse ndipo analibe ngongole ya m'wodi, anachita maphunziro a kompyuta tchuthi chomwecho ndipo anachita bwino. Kumuletsa kukanakhala kumulakwira. Muyeso suli m'buku, uli mwa mwanayo, ndipo kholo latcheru limauona. Mwana akawerenga tsamba limodzi katatu osatha kukuuzani zimene lanena, akayamba kudumpha chakudya, akamasinza pa ulaliki iye wosazolowera kutero, makamaka akayamba kunena za odwala mokwiya ngati anthu omusokoneza, madzi afika m'milomo ya bwato, ndipo china chiyenera kutsitsidwa sabata lomwelo.

Sabata lachinayi kunagwa maliro a agogo ake a kuchimuna ku Malindi, ndipo masiku atatu anapita. Anawabweza Loweruka ziwiri zimene zinali zopanda ntchito. Mayeso obwereza anakhoza, osati ndi mamalikisi odabwitsa, koma okwanira kulowa chaka chachitatu pamodzi ndi anzake. Kompyuta sanaiphunzirebe, ndipo ntchito zolemba za kusukulu amalipira mnzake kuti amutayipire. Ngongole ya ku banki m'khonde inatha mu Epulo. Achimwene mpaka lero amati mwanayo akanatha kuwathandiza Loweruka lililonse popanda chovuta, ndipo tikakumana nkhaniyi timaiyambanso.