Ntchito Yoyamba ya Namwino Dzulo ndi Lero

Mwa zinthu zimene mlembi wa nkhani ino waziona zikusintha m'moyo wake, chimodzi chomwe chimamukhudza kwambiri ndi njira imene namwino wongomaliza kumene maphunziro amayendamo kuti apeze ntchito yake yoyamba. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, wophunzira amene watsiriza ku Kamuzu College of Nursing, yomwe inatsegulidwa mu 1979, kapena ku sukulu za mishoni monga za ku Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo ndi Mulanje, ankangoyenera kukhoza mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, lomwe limapereka chiphaso chololeza munthu kugwira ntchito ya unamwino ndi uzamba, kenaka ankalandira kalata yomuuza chipatala chomwe watumizidwako. Nkhawa ya masiku amenewo inali yakuti kaya amuponya kudera lopanda magetsi ndi msewu wabwino, pakuti ntchitoyo payokha inali yosakayikitsa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene matenda a Edzi anadzaza mawodi ndi kupha ngakhale ogwira ntchito m'zipatala, komanso anamwino ambiri odziwa ntchito akusamukira ku Britain, dziko linasowa anamwino mochititsa mantha. Mu 2004 boma, mothandizidwa ndi Britain ndi thumba la Global Fund, linakhazikitsa ndondomeko ya zaka zisanu ndi chimodzi yotchedwa Emergency Human Resources Programme, yomwe inawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti ndi kuchulukitsa malo a ophunzira m'sukulu za unamwino. Makolo ambiri anaona kuti mwana wolowa unamwino ndiye wapulumutsa banja, ndipo anagulitsa chimanga, fodya ndi ziweto kuti mwanayo asasowe zofunika pasukulu.

Zinthu zinatembenuka pambuyo pa 2013, chaka chimene kuba kwa ndalama za boma kotchedwa Cashgate kunaululika, ndipo maiko othandiza analeka kuika ndalama zawo m'thumba la boma. Popeza boma linayenera kuika malire pa ndalama zolipirira antchito ake, mwambo wolemba ntchito aliyense wotuluka m'sukulu unatha, pamene sukuluzo zinapitiriza kutulutsa anamwino chaka ndi chaka. Lero namwino watsopano amadikira kuti malo alengezedwe, amalemba kalata yofunsira ntchito, kenaka amakaonekera ku intavyu, ndiko kuti kufunsidwa mafunso pamaso pa akuluakulu a Health Service Commission kapena Local Government Service Commission, kumene ofunsira amachuluka kwambiri kuposa malo omwe alipo.

Nthawi yodikirayi ndiyo imapweteka kwambiri, chifukwa imatha kutenga zaka. Ena amagwira lokamu, yomwe ndi ntchito ya maola owerengeka yotseka mpata pamene chipatala chaperewera anthu, ndipo malipiro ake ndi ochepa komanso amachedwa. Ena amadzipereka kugwira mwaulere n'cholinga choti manja asaiwale kubaya jakisoni ndi kubereketsa, ena amalowa m'makiliniki a anthu wamba, pamene ena amapeza makontirakiti a mabungwe, ntchito zokhala ndi tsiku lothera, zomwe kusadalirika kwake kunaoneka poyera mu 2025 dziko la America litaimitsa thandizo lake. Zonsezi zikuchitika pamene m'zipatala za m'maboma namwino mmodzi amachezera usiku wonse ndi wodi yodzaza, ena mwa odwala atagona pansi. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utafika ndipo ogwira ntchito zaumoyo atanyanyala ntchito, boma linalemba anthu ambiri m'kanthawi kochepa, zomwe zinasonyeza kuti anamwinowo analipo kale, akungodikira kunyumba.

N'chifukwa chake bungwe la National Organisation of Nurses and Midwives, lomwe limaimira anamwino ndi azamba, lakhala likufunafuna mwayi wa ntchito kunja kwa dziko kwa mamembala ake, ngakhale kuti Malawi ali pa mndandanda wa bungwe la World Health Organisation wa maiko osowa kwambiri ogwira ntchito zaumoyo. Mlembi sangadzudzule mwana amene wasankha kupita, pakuti walira mvula walira matope, ndipo dziko lomwe linachulukitsa ophunzira linayenera kukonzekeranso malipiro awo. Unduna wa Zaumoyo, Unduna wa Zachuma ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo akuyenera kuwerengera limodzi malo a m'sukulu ndi malo a ntchito, kuti aliyense wolowa maphunziro a unamwino adziwe kuti ndalama zomulipira akadzamaliza zakonzedwa kale mu bajeti.