Miyendo imene imandilipirira fizi

Holide yapitayi ndinafika kunyumba ndili ndi mndandanda m'mutu: fizi yotsala, ndalama ya hositelo, ndiponso foni yatsopano. Ndinadikira kuti amayi aweruke ku saluni, adye, ndiye ndiyambe nkhani yanga. Atakhala pansi anati, "Iwe, tanditengera madzi ofunda m'beseni." Atakweza chitenje kuti aviike mapazi, nkhani ya foni ija inandithera m'kamwa.

Kumbuyo kwa miyendo yawo, kuyambira m'mawondo kutsikira ku akatumba, mitsempha inali itatupa n'kupindikapindika ngati chingwe chopota. Pamwamba pa kakolo wakumanzere khungu linali litada kuposa malo ena, lili ndi zipsera zodzikanda. Nditafunsa kuti zinayamba liti, anangoseka. "Iwe uli kumsana zimenezi zilipo kale. Ndi ukalamba basi." Chonsecho amayi sanakwanitse n'komwe zaka 50.

Amayi amaluka tsitsi, ndipo aima kumbuyo kwa mitu ya anthu kwa zaka zoposa 20. Usiku umenewo ndinamvetsera madandaulo amene ndinkangowamva ngati wailesi ya oyandikana nawo nyumba: miyendo kulemera madzulo, kutentha m'kati, kuyabwa, ndi kukokana kwa akatumba pakati pa usiku. Ine amene ndimatha kulemba masamba khumi za kuponderezedwa kwa amayi m'mabuku, ndinali ndisanayang'anepo miyendo ya amayi anga.

Madokotala amatcha vutoli varicose veins, ndipo chiyambi chake si chovuta kumva. Magazi akafika kumapazi amayenera kukwera kubwerera kumtima. Amakankhidwa ndi akatumba munthu akamayenda, ndipo m'mitsemphamo muli tizitseko ting'onoting'ono timene timaletsa kuti asabwerere pansi. Tizitsekoti tikafooka, magazi amadikha m'miyendo, mtsempha n'kufutukuka. Kuima kapena kukhala malo amodzi nthawi yaitali, kutenga mimba, kunenepa kwambiri ndi kukula zimawonjezera vutoli, komanso limayenda m'banja. Amayi anabereka ana asanu, ndipo akuti agogo anali ndi miyendo yomweyo.

Azakhali atamva anabwera ndi nzeru yawo: "Alamu, pamenepa n'pofunika kutemera mphini, magazi oipawo atuluke." Sindinafune kuwachititsa manyazi, koma apa ndinakana. Mtsempha wotupa ukachekedwa umataya magazi ambiri, ndipo khungu la pamenepo silipola msanga. Azakhali anati sukulu yandipatsa mwano. Mwina ndi zoona, koma lumo silinafike pamwendo wa amayi.

Kuchipatala anatiuza kuti kuda kwa khungu ndi chenjezo, chifukwa pamalo otero ndi pamene pamabuka chilonda chosapola. Malangizo oyamba anali osafuna ndalama: kugona chagada n'kusanjika miyendo pamapilo kuti ikwere kuposa mtima, kuyendayenda pang'ono akamaliza mutu umodzi asanayambe wina, kunyanyamphira ali chiimire kuti akatumba agwire ntchito, kudzola mafuta m'malo modzikanda. Beseni la madzi otentha lija, akuti silithandiza kwenikweni, poti kutentha kumafutukula mitsempha. Atayeza kuti magazi akufika bwino kumapazi, anawalembera masokosi apadera othina, ovala m'mamawa miyendo isanatupe. Masokosiwa sachotsa mitsemphayo, amangochepetsa kutupa ndi ululu. Zikapitirira, madokotala amajambula mwendo ndi sikani n'kutseka mtsempha wowonongekawo ndi jakisoni wa mankhwala kapena ndi kutentha kwa laser, apo ayi kuumanga n'kuuchotsa pa opaleshoni. Magazi amadzapeza njira m'mitsempha ina ya m'kati. Anatichenjezanso kuti mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, ukutentha ndi kupweteka, tisagone nazo, chifukwa mwina magazi aundana. Mtsempha ukaphulika, munthu agone pansi, akweze mwendo, apanikize pabalapo ndi nsalu yoyera, ndipo athamangire naye kuchipatala.

Chimene chikundivutabe ndi ichi: malangizo akuti "musaime nthawi yaitali" ndi osavuta kwa munthu wa muofesi. Kwa amayi anga, kukhala pansi ndiye kuti kasitomala wapita ku saluni ina. Chimodzimodzi aphunzitsi, anamwino, alonda, ndi amayi okazinga mandasi. Ambiri a ife pano tikuphunzira ndi ndalama zochokera kwa munthu amene waima tsiku lonse, ndipo tikamuimbira foni timafunsa za ndalama tisanafunse za thupi. Makolo athu sadandaula mokweza. Amaopa kutisokoneza pa maphunziro, ndiye amangoti ndi ukalamba, ife n'kuvomera chifukwa yankho limenelo silitidyera kanthu.

Sindikunena kuti tisanduke madokotala a pa Google. Koma kuwerenga, kufunsa funso kuchipatala popanda mantha, kukana lumo mwaulemu, zimenezi tingathe. Anzanga, mukapita kwanu holide ikubwerayi, yang'anani miyendo ya amene amakutumizirani ndalama, ndipo mufunse kawiri.

Ndalama ya foni ija inagula masokosi ndi mpando wautali woti amayi azikhalapo poluka. Foni yanga ikuzimabe batire likafika pa 30. Dzulo isanazime ndinawaimbira, ndipo anandiuza kuti masokosiwo amatentha ngati ng'anjo, koma sabata yonseyi agona osadzuka ndi kukokana.