Mawu Ofanana Nkhope

Ndinabadwira ku Misuku, m'mapiri a khofi a m'boma la Chitipa, kumene mwana amatsekula pakamwa ndi Chisukwa. M'chaka cha 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko lonse, choncho pamene ndinkayamba sukulu chaka chotsatira, ndinachipeza chitakhala kale m'kalasi ngati mlendo wosamudziwa dzina.

Tsiku lina aphunzitsi anati, "Wodziwa yankho akweze chala." Tonse tinangoti kukamwa yasa, pakuti kwathu Chaala ndi dzina la Mulungu. Kodi tiana ta mamina ngati ife tikanamukweza bwanji Namalenga? Aphunzitsi ataimika chala chawo m'mwamba, m'pamene tinamasuka.

Phunziro lowawa linadza nditabwera kutchuthi kuchokera kukoleji ya zauphunzitsi. Bambo anandituma kukapereka mbuzi ya malowolo a mkulu wanga kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ku Tanzania. Panjira wamalonda wina anandifunsa m'Chiswahili kuti, "Unauza?" Ine, poyesa kuti akufuna ndimuuze kumene ndinkapita, ndinavomera ndi mutu monyadira. Posakhalitsa munthu uja anagwira chingwe nayamba kuwerenga ndalama. Sindinadziwe kuti m'Chiswahili kuuza ndi kugulitsa. Pakadapanda nkhalamba ina yomva ziyankhulo zonse ziwiri, ukwati wa mkulu wanga ukadathera pamsewu. Zoonadi, safunsa anadya phula.

Kuyambira pamenepo ndinazindikira kuti mawu achilendo kotheratu savuta kwenikweni, chifukwa munthu amawaopa nafunsa. Oopsa ndi aja ofanana nkhope ndi mawu amene timawadziwa kale. Ngakhale m'Chichewa momwemu alipo. Kuponya si kuphonya, ndipo mtengo wa m'nkhalango umasiyana ndi mtengo wa pamsika pa kakwezedwe ka liwu kokha.

Lero ndinapuma pa ntchito, koma mdzukulu wanga, amene akuphunzira Chisipanishi pa foni, wandibwezera m'kalasi. Anakondwa kupeza kuti zapato ndi nsapato, osadziwa kuti mawu athuwa tinabwereka ku Chipwitikizi, mbale wake wa Chisipanishi. Kukondwako kunamuchititsa mphwayi, mpaka anasokoneza pero, kutanthauza koma, ndi perro, amene ndi galu. Anayesanso kuti embarazada ndi munthu wogwidwa manyazi monga amamvekera mawu ena a Chingerezi, chonsecho ndi mayi woyembekezera.

Ndinamupatsa njira imene ndinkapatsa ophunzira anga. Mawu osokonezawo awalembe awiriawiri m'kope, aliwonse m'chiganizo chakechake, kenaka awatchule mokweza mpaka khutu lizolowere kusiyana kwake. Koposa zonse, asavomere ndi mutu chinthu chimene sanachimve.

Iye anaseka nditamusimbira za mbuzi ija. Ine sindiseka kwambiri, pakuti chingwe chija ndimachimvabe chikupulumuka m'manja mwanga.