Bwalo lomwe silinatsekedwe

M'chaka cha 1946, Jackie Robinson ndi mkazi wake Rachel, atangokwatirana kumene, ananyamuka ulendo wa ku Florida m'dziko la America. Kumeneko n'komwe matimu ambiri a masewero a baseball ankapita kukakonzekera m'mwezi wa March, pothawa chisanu cha kumpoto.

Robinson anali atalembedwa ndi timu ya Montreal Royals, imodzi mwa matimu ang'onoang'ono osula osewera asanakwezedwe kupita ku timu yaikulu. Dzina la matimu otere pa Chingelezi limatanthauza munda, ndipo mlimi aliyense angamvetse chifukwa chake: mbande imayamba yakhwimira ku nazale isanawokeredwe. Koma kwa zaka zambiri nazale imeneyi inkakana anthu akuda.

Ulendowo unali wowawa. Ku Pensacola banjali linatsitsidwa m'ndege, ndipo linapitiriza pa basi litakhala mipando ya kumbuyo, monga ankachitira anthu akuda nthawi imeneyo. Ku Sanford, Robinson anachoka mwamsanga ataopsezedwa. Ku Jacksonville timu inapeza bwalo lili lokhoma. Anzake ankagona ku hotela, iye ndi Rachel ankasungidwa m'nyumba za mabanja akuda. Mkulu wa timu ya Brooklyn Dodgers, Branch Rickey, anali atamupempha kuti asabwezere chipongwe, ndipo iye anameza mkwiyo wake podziwa kuti akalephera, khomo lidzatsekekanso kwa ena ambiri.

Mzinda wa Daytona Beach ndiwo unalola. Pa 17 March 1946, Robinson anasewera pa bwalo la City Island pamodzi ndi azungu. Chaka chomwecho timu ya Montreal inatenga chikho, ndipo pa 15 April 1947 iye anayamba kusewerera Dodgers. Mu 1948 Rickey anakhazikitsa malo okonzekerera ku Vero Beach, pomwe kale panali asilikali a ndege, kuti osewera onse azidya ndi kugona pamodzi. Timuyi inakhala ikukonzekera pamalopo mpaka 2008.

Lero bwalo la ku Daytona Beach limatchedwa ndi dzina la Robinson. Luso anali nalo kale asanafike pachipata chilichonse, ku Jacksonville ngakhale ku Daytona. Chomwe chinasiyanitsa mizinda iwiriyi ndi anthu omwe ankasunga makiyi. Ndi bwino makomiti osunga makiyi a mabwalo, sukulu ndi nkhokwe za m'midzi azidzifunsa kuti ndani akutsalira kunja.