Mjigo Umafa ndi Kamphira

Pa zinthu zimene timaziponya kuseri kwa nyumba n'kumati zidafa, ndi zochepa zimene zidafadi thupi lonse. Njinga imene yakolekedwa m'chigafa kwa zaka ziwiri kawirikawiri imangosowa unyolo. Ngolo imene pansi pake pamera udzu idangophulika tayala limodzi. Chimodzimodzinso mjigo. Aliyense amene adayendapo m'midzi ya m'zidikha za Kasungu, kuchokera ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, kapena kulowera cha kwa Chamama, adaonapo mjigo wotchingidwa ndi minga, mbuzi zitagona pasimenti pamene amayi ankatsukira ndowa. Mukafunsa eni mudzi, amangoti, "Udafa umenewo." Koma mukafunsitsa chimene chidaupha, nthawi zambiri mupeza kuti ndi kamphira kokwana m'dzanja la mwana, kamene mtengo wake sufika ngakhale pa nkhuku imodzi.

Kwathu kuno nkhani ya mjigo ndi yaikulu chifukwa cha mmene dziko lathu lidakhalira. Anzathu a ku Mulanje ali ndi phiri limene limatsitsa madzi m'mipope popanda wopopa. Ife tili pachidikha. Mitsinje ya Bua, Dwangwa ndi Rusa ili kutali ndi midzi yambiri, ndipo zitsime za m'madambo zimayamba kuphwa dzuwa la Okutobala likafika. Miyezi yomweyo ndiyo imene nazale za fodya zimafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo, kotero kuti madzi otsala kudambo amalimbiranidwa ndi makheni, ng'ombe ndi ndowa za amayi. Madzi odalirika ali pansi pa nthaka, ndipo chimene chimawakweza ndi mjigo. Mjigo ukaima, nsima imachedwa, ana amapita kusukulu osasamba, ndipo mbale zimagona pathandala zili ndi nkhoko.

Mijigo yambiri imene timajiga masiku ano ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo mbiri yake ndi yotinyaditsa ife Amalawi. Bungwe la United Nations lidapatula zaka za 1981 mpaka 1990 kuti zikhale zofalitsa madzi abwino ndi ukhondo pa dziko lonse. M'zaka zimenezo akatswiri adaona kuti vuto lalikulu la mijigo yakale lidali kukonza kwake. Mapaipi ake adali achitsulo cholemera, ndipo kuti afike pamene pavuta, pankafunika amisiri a boma, galimoto ndi zipangizo zonyamulira. Mudzi unkadikira miyezi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu, kudayesedwa mjigo wotchedwa Maldev. Ntchitoyo idapitirizidwa ku Kenya ndi thandizo la World Bank ndi UNDP, ndipo m'menemo ndimo mudabadwa Afridev. Cholinga cha amene adaukonza chidali chimodzi: kuti anthu a pamudzi, amayi ndi abambo omwe, azitha kuutsegula okha ndi sipanala imodzi, n'kusintha zimene zatha, osadikira munthu wochokera kuboma.

Kuti timvetse chifukwa chake mjigo umafa, tiyenera kudziwa zimene zili m'mimba mwake. Kuchokera pa mkono umene timagwira, ndodo zachitsulo zolumikizana, iliyonse yotalika pafupifupi mamita 3, zimatsika m'kati mwa paipi yapulasitiki mpaka pansi pamene pali madzi. Mjigo wa mtundu umenewu umatha kukweza madzi kuchokera pa mamita 45. Kumapeto kwa ndodozo kuli pulanja, imene imakwera ndi kutsika m'kati mwa silinda. Pulanjayo idavala kamphira m'chiuno, kamene amisiri amakatcha U-seal, ndipo ntchito yake ndi kutseka mpata kuti madzi asabwerere pansi pulanja ikamakwera. Kunsi kwenikweni kuli futuvavu, imene imalola madzi kulowa koma osatuluka. M'kati mwa pulanja ndi futuvavu muli timphira tina totchedwa bobini, timene timatseka ndi kutsegula ngati chitseko. Kumtunda, pamene mkono umazungulira, pali mabushi anayi apulasitiki. Pa ndodo iliyonse palinso mphira yoletsa chitsulo kukhula paipi.

Zinthu zonsezi adazipanga dala kuti zikhale zofewa. Pamene zinthu ziwiri zikhulana tsiku ndi tsiku, chimodzi chiyenera kutha, ndipo amisiri adasankha kuti chizitha ndi chotsika mtengo. Mphira imatha kuti silinda isathe; pulasitiki imatha kuti chitsulo chisathe. Tsono kutha kwa timphira timeneti si tsoka, ndi ntchito yake. Mjigo umodzi umayenera kutumikira anthu pafupifupi 250, koma m'midzi yambiri umatumikira ochuluka kuposa apo, kuyambira tambala woyamba mpaka mdima. Kamphira kotani kamene kangapirire zimenezi zaka ndi zaka?

Ine ndidaphunzira zimenezi kwa azakhali anga, amene adali m'komiti ya mjigo wa m'mudzi mwathu. Iwo sadapite patali ndi sukulu, koma adaphunzitsidwa masiku ochepa ndi alangizi a zamadzi, ndipo sipanala ya mjigo inkagona m'nyumba mwawo, m'thumba limodzi ndi chingwe ndi ndowe yowedzera futuvavu. Chaka chilichonse, fodya akatha kugulitsidwa, ankalengeza kuti Loweruka m'mawa aliyense atungiretu. Ife anyamata tinkaitanidwa kudzagwira ndodo. Ankayamba ndi kutsegula chivundikiro, n'kumasula mabawuti, n'kuchotsa mkono. Kenaka tinkakoka ndodo imodziimodzi, kuimasula, ndi kuiyala pa mitengo iwiri kuti isakhudze dothi, motsatana monga mmene zatulukira. Pulanja itatuluka, azakhali adandipatsa kamphira kakale ndi katsopano.

"Tagwira, mwanawe. Wamva kusiyana kwake?"

"Eya, azakhali. Akaka m'mphepete mwake mwasalala."

"Ndiye madzi athu ankathawira pamenepo. Uziwerenga ndodozi pobwezera. Ikasowa imodzi, tigona pompano."

Dzuwa lisadafike pamutu, madzi adali atayamba kutuluka, ndipo amayi amene adazolowera kujiga mpaka thukuta adadabwa kuona ndowa ikudzaza msanga. Chimene chidandikhudza ine ndi chakuti mjigowo sudali utafa. Azakhali ankautsegula ukadali wamoyo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mjigo sufa mwadzidzidzi, umayamba wadandaula. Ngati m'mawa mujiga kambirimbiri madzi asadatuluke, ndiye kuti futuvavu ikudontha ndipo madzi a m'paipi abwerera pansi usiku. Ngati mkono wapepuka koma ndowa ikuchedwa kudzaza, kamphira ka pulanja katha. Ngati mkono ukugwedera cham'mbali ndi kulira ngati chitseko chakale, mabushi aperepeseka. Pali njira yosavuta yoyesera: mjigo wabwino, mukajiga mokwanira ka 40 pa mphindi imodzi, umatsala pang'ono kudzaza ndowa ya malita 20. Ukayamba kupereka theka la ndowa, usadikire kuti uime.

Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mabushi akatha koma osasinthidwa, chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, ndipo zimene zikadatha ndi pulasitiki zimafuna kugula mapini atsopano. Mphira za pa ndodo zikatha, ndodo imakhula paipi mpaka kuiboola. Pamenepo ntchito yachoka m'manja mwa komiti. Pafunika mmisiri wa m'dera, anthu ambiri ozula mapaipi onse, kudula pobookapo ndi kumata pena. Ndalama imene ikadakwanira pa chopereka cha mabanja ochepa tsopano ifuna mudzi wonse, ndipo mudzi ukalephera kugwirizana, minga ija imabwera.

Vuto lina ndi la kalendala yathu ya ndalama. Mlimi wa fodya amaona ndalama kamodzi pa chaka. Mabelo akapita ku okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, pakati pa Epulo ndi Ogasiti, m'midzi mumakhala malata atsopano, njinga zatsopano ndi mawailesi. Pofika Okutobala ndalama ija yapita ku fetereza ndi ku fizi. Komatu Okutobala yemweyo ndiye mwezi umene mjigo umagwira ntchito yowirikiza, popeza zitsime zina zaphwa. Motero mjigo umafa pa nthawi imene tikuufuna kwambiri, imenenso m'matumba mulibe kanthu. Komiti yanzeru imatolera chopereka m'nyengo yogulitsa fodya, n'kugula timphira ndi mabushi nthawi yomweyo, n'kuzisunga pamalo ozizira, posafika dzuwa. Kusunga zipangizo kumaposa kusunga ndalama, chifukwa mitengo imakwera, ndiponso ndalama yogona m'bokosi imakopa maso. Mlimi amene amadziwa kukonza chigafa mvula isadagwe sayenera kuvutika kumvetsa zimenezi.

Wina angafunse kuti, kodi mjigo ukaima sabata ziwiri pali chiyani? Anthu sasiya kumwa madzi. Amabwerera kudambo, kumene kumamwanso ziweto. Mliri wa kolera umene udayamba m'dziko muno mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700, ndipo matendawa amayenda ndi madzi oipa ndi mbale zosatsukidwa bwino. Palinso mtengo wina umene sulembedwa m'mabuku a chipatala. Amene amadzuka m'bandakucha kukasaka madzi kutali ndi atsikana, ndipo mtsikana amene wayenda makilomita angapo ndi ndowa pamutu amafika m'kalasi phunziro loyamba litatha. Kamphira kaja kakhoza kulowa mpaka m'zotsatira za mayeso.

Boma lathu la Kasungu lili ndi chitsanzo chimene dziko lonse lapansi likuchidziwa. William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, adasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Asadapange makina ake a mphepo, iye adayamba ndi kutsegula mawailesi akufa kuti aone chimene chavuta. Pambuyo pake adatola zitsulo zotayidwa, fani ya thirakitala, njinga yakale ndi mitengo ya bulugamu, n'kupanga makina amene adayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Buku lofotokoza mbiri yake lidatuluka mu 2009, ndipo kanema wake mu 2019. Ambiri timakumbukira makinawo, koma chiyambi chake chidali kulimba mtima kotsegula chinthu chimene ena adati chidafa.

Nawo anthu a m'maiko olemera adazindikira kuti kutaya chinthu chifukwa cha kachipangizo kamodzi ndi kuwononga. Kumeneko mabanja ambiri ali ndi makina otsukira mbale, amene mayi wina wa ku America, Josephine Cochrane, adawalembetsa mu 1886. Makina amenewa nawonso amafa ndi tinthu tating'ono: mphira ya pachitseko ikauma madzi amadontha, kasefa kakatsekeka mbale zimatuluka zakuda, kapampu kakatha madzi satuluka. Kwa zaka zambiri anthu ankangogula atsopano popeza zosinthira zinkasowa. Mu 2021 maiko a European Union adayamba kutsata malamulo okakamiza makampani kuti azisunga zipangizo zosinthira za makina otere kwa zaka 7 mpaka 10. Chimene iwo adachita kumenyera ndi malamulo, ife tidapatsidwa kale m'mjigo wa Afridev: kapangidwe kake n'kosabisa, kampani iliyonse ikhoza kupanga zipangizo zake, ndipo mwini mudzi ali ndi ufulu woutsegula.

Komabe ufulu umenewu uli ndi malire ake, ndipo mmisiri weniweni amawadziwa. Kudula mphira ya tayala n'kuiika m'malo mwa kamphira koyenera kumakanda silinda. Kumenya bawuti ndi mwala chifukwa sipanala yasowa kumaononga mutu wa mjigo. Kuyala ndodo padothi n'kuzibwezera zosatsuka ndiko kuthira matenda m'chitsime ndi manja athu omwe. Ndipo ngati madzi ayamba kutuluka ndi mchenga, kapena paipi yabooka, kapena ndodo yagwera pansi, nzeru ndi kuitana mmisiri wa m'dera kapena kukanena ku ofesi ya zamadzi. Kudziwa pamene dzanja lako lilekezera ndi mbali ya luso lomwelo.

Inu amene muli ku sekondale mumaphunzira za mphamvu ya mpweya, za mavavu ndi za zotukulira katundu, ndipo mumazijambula bwino m'makope. Zonsezo zili m'mjigo wa kwanu. Mukapita kutchuthi, funsani amene amasunga sipanala, ndipo mufunsenso kuti mjigo udatsegulidwa liti komaliza. Tengani ndowa, muwerenge ka 40, muone pamene madzi alekezera. Pemphani kuti tsiku lotsegula mudzagwire nawo ndodo, ndipo muthandize mlembi wa komiti kulemba tsiku limene chipangizo chilichonse chidasinthidwa. Amene adaphunzitsidwa ntchitoyi zaka zapitazo akukalamba, ena adasamuka, ndipo mudzi umene mulibe wodziwa kutsegula mjigo wake uli ndi madzi obwereka, ngakhale chitsimecho chili pabwalo pawo.