Za Matumba Awiri Amene Ndinanyamula pa Cifuwa

Nkhani imene ndilemba lero iri ndi manyazi pang'ono, pakuti ife akazi sitinazolowere kunena za pa cifuwa pathu pamaso pa anthu. Koma akulu anga, amene anatsala kumudzi, andifunsa kawiri konse, nati, "Mng'ono wanga, cija anakuika madotolo, kodi ukacigwira cikhala ngati bere ndithu?" Ndaona kuti funso ili si la iwo okha, ndipo ndati ndiyankhe poyera, kuti ena amveko.

Ine ndikhala ku Manchester, m'dziko la England, kumene ndigwira nchito yosamala nkhalamba. Caka ca 2017, ndiri ndi zaka 47, ndinapeza posamba kanthu kolimba ngati nyemba m'bere langa lamanzere. Ku cipatala anandipima, napeza kuti ndi khansa, nati bere lonse liyenera kucotsedwa. Anandiuzanso kuti ngati ndifuna, akhoza kuumba lina m'malo mwace poika kathumba pansi pa khungu. Ngati sindifuna, palibe wondikakamiza.

Tsiku lina namwino anaika matumba awiri pa tebulo, nati, "Gwirani, mai, musaope." Onse awiri cikopa cace ncimodzimodzi: ca silikoni, cinthu conga mpira wofewa. Kusiyana kuli m'kati. Lina adzazamo madzi a mcere, magalamu 9 a mcere pa lita imodzi ya madzi, monga aja apacika pa diripi kwa wodwala. Linzace adzazamo silikoni yemweyo, koma wosalimba, woundana ngati msuzi wa mang'ina utagona usiku m'mphika.

Ndinayamba kugwira la madzi. Linandikumbutsa cikhodzodzo ca mbuzi cimene anyamata kwathu ankadzaza madzi posewera. Ukalisindikiza ndi cala, madzi athawira mbali ina, nabwerera msanga ukacotsa cala. Ukaliimika, pamwamba pace pacita makwinya. Kenaka ndinagwira la silikoni. Ili linagona m'dzanja langa mwakacetecete; cala cinalowa pang'onopang'ono, ndipo malo ace anabwerera pang'onopang'ono, monga umo ucitira mnofu wa munthu. Ndinalipendeketsa, ndipo linatsata dzanja mosafulumira. Pamenepo ndinazindikira cifukwa cace anthu ambiri anena kuti la silikoni lifanana kwambiri ndi bere lobadwa nalo. Mau amenewa ngoona, ndipo ine ndiwacitira umboni.

Matumba awa sanayambe lero. La silikoni analiika mwa munthu koyamba mu 1962 ku Houston, m'dziko la America, madotolo awiri, Thomas Cronin ndi Frank Gerow. La madzi linatsatira patapita zaka zowerengeka, kucokera ku France. Mu 1992 bungwe la boma la America loyang'anira mankhwala, dzina lace FDA, linaletsa kuika a silikoni mwa akazi ongofuna kukuza mabere, poopa kuti angadwalitse thupi; ndipo zaka 14 akazi otere a kumeneko anangolandira a madzi, kufikira 2006 pamene bungwelo linalolanso, litaona umboni wa ofufuza. Kuno ku England ambiri apatsidwa a silikoni.

Tsono ine ndinakhala ndi mwai, ngati tingati mwai, wakumva zonse ziwiri m'thupi langa. Pakuti atacotsa bere, khungu lotsala linali locepa, ndipo anayamba kundiika thumba longoyembekezera, la kufutukula khungu. Pakapita masabata angapo ndinkabwerera ku cipatala, namwino nkulasa singano pa kakhomo kace ka pansi pa khungu, nkuonjeza madzi a mcere. Usiku wa tsiku lotero ndinkagona ngati andimanga lamba pa nthiti. Cifuwa cinali cozungulira ndi colimba ngati dzungu laliwisi, ndipo ndikagona cagada, bere lamanja linkagwera pambali monga mwa cikhalidwe cace, koma linzace linkangoima njo. Dotolo anandicenjeza kuti ndisaweruze matumba onse a madzi ndi ili, popeza lofutukula khungu alipanga lolimba dala; komabe anabvomera kuti ngakhale lokhalitsa la madzi liposa la silikoni kulimba, ndi kuti m'mphepete mwace zala zikhoza kupeza makwinya.

Anandiphunzitsanso cinthu cimene sindinaciganize. Kufewa sikucokera m'thumba mokha, koma ndi m'cimene cilikuta. Mkazi amene bere lace lilipo, nangoikidwa thumba kuseri kwace, mnofu wace ubisa zambiri, ndipo kusiyana kwa madzi ndi silikoni kucepa. Koma ife ocotsedwa bere titsala ndi khungu lopyapyala, ndipo khwinya liri lonse limveka, monga mwala umveka pansi pa mkeka kuposa pansi pa matiresi.

Itapita miyezi, inafika nthawi yosankha lokhalitsa. Musayese kuti kusankhako kunali kwapafupi, pakuti la madzi liri ndi ubwino wace umene linzace liribe: silinama. Likabooka, liphwa masiku owerengeka, mwini wace aona ndi maso, ndipo thupi limwa madziwo popanda coipa. La silikoni likang'ambika, kawirikawiri likhala cete; maonekedwe sasintha, ndipo mkazi akhoza kutha zaka osadziwa. Ncifukwa cace mu 2020 FDA inalangiza kuti wokhala nalo aunikidwe ndi makina a ultrasound kapena a MRI zikapita zaka 5 kapena 6, ndi kubwerezanso pa zaka 2 kapena 3 ziri zonse. Ndinagona masiku atatu ndiri kuyesa ziwirizi: kufewa kokhala ndi cinsinsi, kapena kulimba konena zoona. Potsiriza ndinasankha la silikoni, cifukwa khungu langa linali lopyapyala, ndipo ndinatopa nako kukumbutsidwa nthenda yanga pa kutembenuka kuli konse pa kama.

Sindinong'oneza bondo. Lomwe ndiri nalo tsopano nlofewa, ndipo ndikayenda liyenda nane. Koma dziwani kuti palibe thumba la muyaya. Mkazi akakhala nalo zaka zambiri, tsiku lifika lakulisintha. Ndiponso thupi limanga cipsera copyapyala kuzinga cinthu ciri conse cacilendo, ndipo mwa akazi ena cipseraco cikhwima ndi kufinya thumba, kotero kuti ngakhale la silikoni lisanduka lolimba ndi lowawa. Ici cigwera a madzi ndi a silikoni omwe.

Tsono ndifike pa cimene cinandilembetsa kalata iyi. Pamene tifunsa kuti, "Kodi cimveka bwanji?" tifunsa mafunso awiri osadziwa. Loyamba ndilo ili: limveka bwanji kwa dzanja logwira? Laciwiri: limveka bwanji kwa mwini cifuwa? Matumba a pa tebulo paja ayankha loyamba lokha. Pocotsa bere mpeni udula timitsempha timene tinyamula kumva, ndipo khungu la pamenepo licita dzanzi. Tsiku lina ndiri kuphika, mwana wanga wamkazi anapfuula kuti, "Amai, mwatsamira mphika!" Ine sindinamve kanthu. Kumva kwina kunabwerera pang'ono m'mphepete zitapita zaka, koma pakati mpakufa kufikira lero, ndipo pa ici madzi ndi silikoni alingana: palibe cobweza cimene mpeni unadula.

Palinso kuzizira. M'thumba simuyenda mwazi, ndipo nyengo ya cisanu ya kuno mbali imeneyo izizira kuposa inzace. Mdzukulu wanga wa zaka 3 anatsamira mutu pamenepo madzulo ena, nadzuka, nati, "Agogo, apa mpozizira," nasamukira kumanja, nagona tulo. Ndinaseka naye, koma atagona ndinalira, pakuti bere limenelo ndilo limene amace ankalikonda poyamwa. Ndinalira usiku umodzi. M'mawa ndinakumbukira kuti mwanayo anagona pa cifuwa ca agogo ace amoyo, ndi kuti ndikadabisa kanyemba kaja sakadapeza potsamira konse.

Cotero, akulu anga, yankho langa ndi ili. Mukacigwira inu, cikhala ngati bere ndithu, makamaka ca silikoni. Ca madzi mukadacizindikira ndi kulimba kwace ndi makwinya ace. Koma kwa ine mwini cikhala ngati cobvala cabwino cimene sindibvula. Cindithandiza kuima bwino m'diresi ndi kuiwala nthenda masana. Siciri bere langa, ndipo ndaleka kucipempha kuti cikhale cotero.

Ndidziwa kuti ambiri a inu owerenga kumudzi simudzaikiridwa matumba awiri pa tebulo kuti musankhe. Musadziyese ocepa pa ici. Kuno komwe ndidziwa akazi amene anakana onse awiri, nangoika kansalu kofewa m'kamisolo, ndipo ali okondwa monga ine. Cimene cinandipulumutsa si thumba iai, koma kupita msanga. Mai ali yense adzigwire yekha posamba mwezi ndi mwezi. Akapeza colimba, kapena khungu litalowa m'kati, kapena nsonga ya bere ikucha mwazi, asayembekeze kuti ciyambe kuwawa, pakuti canga sicinawawe konse. Ndipo inu abambo, mkazi wanu akakuuzani zotere, musamuopseze ndi mau akuti adzatsala ndi bere limodzi; mumperekeze ku cipatala sabata lomwelo.